Maliro a amayi ndinakalirira ku Liverpool

Tinanyamuka ku Rotherham Loweruka cha m'ma 7 m'mawa, kamvula kakuwaza monga mwa masiku onse. Ulendowu anakonza ndi a Nachisale, nesi wa kutchalitchi kwathu, amene anatopa kundiona nditangoti duu m'chipinda. Panali patatha milungu itatu chimwalirireni amayi anga ku Ntcheu. Mapepala anga ondiloleza kukhala m'dziko muno anali asanatuluke, choncho maliro ndinangoonera pa foni, ndipo misozi inakana kutuluka. Zimenezi zinkandiopsa.

"Tiyeni tikaone zithunzi ku Liverpool," anatero. "Kulowa n'kwaulere, ndiye musayambe zifukwa."

Basi ya mapaundi awiri inatitula ku Sheffield, kumene tinakwera sitima. Tisanafike n'komwe ku Manchester, a Nachisale anali atamasula kale mandasi. Mzungu wina wokalamba amene tinakhala naye anadya awiri, n'kufunsa ngati amagulitsidwa m'shopu.

Cha m'ma 11 tinalowa m'nyumba ya zithunziyo, chinyumba cha mizati ngati khoti lalikulu. Anthu ankayenda monyang'ama, manja kumbuyo, akunong'onezana. Zithunzi zambiri zinali za mafumu onenepa, akavalo, ndi azimayi amene nsalu inawaperewera. A Nachisale ankangopukusa mutu. "Ndi kuzizira konseku, abale?"

M'chipinda chachitatu, pakona, panali kachithunzi ka mayi wokalamba atakhala pawindo, akuyesa kulowetsa ulusi pa singano, diso limodzi atatsinzina. Amayi ankasoka madiresi pamsika, ndipo maso atayamba kufooka ankaitana ine. "Tandilowetsere, mwanawe." Chichokereni ine kumudzi, sindidziwa kuti ankaitana ndani.

Benchi inalipo, koma ndinangopezeka ndakhala pansi, nditatambalala ngati pasiwa. A Nachisale anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kumanga pamwamba pa jinzi yawo, n'kukhala pambali panga, phewa lawo litagunda langa. Apo m'pamene ndinalira.

Mlonda wa m'chipindamo anabwera n'kufunsa m'Chingerezi ngati aitane ambulansi.

"Ayi, nesi ndine ndemwe," anayankha a Nachisale. "Mayi awo anamwalira ndipo sanapite kukaika. Kwathu namfedwa timakhala naye pansi."

Bamboyo anayang'ana chithunzi chija, n'kuyang'ana ine. Kenako anaima patsogolo pathu, manja atagwirana, n'kumalozera alendo kuti azidutsa mbali ina. Anaima pomwepo mpaka nditamaliza. Pamene tinkadzuka, anagwira pachifuwa n'kunena kuti pepani.

Tinabwerera pa sitima ya 4 koloko. Zithunzi zotchuka zimene anthu amadzera kutali sindinazione, ndipo sindidandaula. Ndinkayesa kuti chimene ndinasowa ndi manda a amayi, koma ndinkasowa munthu wokhala nane pansi.

Titadutsa Manchester, a Nachisale anandipatsa mandasi amene anatsala.

"Idyani, achemwali. Tikachoka kumanda timadya."

Ndinadya onse.