Chala cha Sizasi

Dzino loyamba Erondu analitaya chifukwa cha magemu ali mwana wa kupulayimale. Bambo ake anamutuma palafini, iye n'kukatsakamira m'kashopu ka kuseri kwa msika wa Ariaria mumzinda wa Aba, ataima pa kreti ya mabotolo kuti afikire mabatani, akuwombera zombo za m'mlengalenga. Bambowo atamupeza sanafunse kanthu. Anamukoka khutu mpaka pamsewu, n'kumukwapula ndi waya wa magetsi mpaka malaya kumatirira kumsana ndi magazi. Pothawa anagwera m'ngalande ya simenti, dzino n'kutsala momwemo. M'mawa mwake, mlomo uli chitupire, anali pa kreti yomweyo. Bambowo anamenya, anamenya, mpaka anatopa okha, ndipo anamwalira mwana wawo akusewerabe.

Musaganize kuti chinali chibwana choti akakula asiya. Ayi ndithu! Magemuwo ndi amene ankasintha, iye ayi. Zitapita zombo kunabwera kamunthu kodumpha maenje ndi minga, ndipo Erondu anakadumphitsa mpaka kudziwa dzenje lililonse ngati njira ya kuchimbudzi kwawo. Kenako kunabwera asilikali. Amenewo ndiye anamulowa m'magazi: kubisala kuseri kwa khoma, kumvetsera mapazi a mdani, kutulukira n'kumuphulitsa mutu, magazi waa pa sikirini yonse, iye akuseka kukhosi kuli poyera. Munthu woti kupha nkhuku ankaitana mkazi wake! "Kunja kuno akakumenya umangomeza malovu," ankatero. "M'menemo akakupha umadzuka n'kukamusaka." Koma ufumu wake weniweni unali pa gemu ya mpira. Imvi zinayamba kumera mu Aba monse musanapezeke munthu womugonjetsa kawiri motsatizana.

Ntchito yake anali telala, osati wopalasa mashini koma wodula. Eni mashopu a masuti ankamubweretsera nsalu zamtengo wapatali, iye n'kudula ndi chisizasi chachitsulo cholemera ngati nkhwangwa, ena n'kumasoka. Sizasi yotero imafuna chala chamanthu champhamvu, ndipo chakumanja cha Erondu chinali chokhuthala, cholimba ngati chikopa. Chala chimenecho ndicho chinkalipira lendi, kugula garri, ufa wa chinangwa, ndi kutumiza ana ake aakazi atatu, Nkasi ndi ang'ono ake, kusukulu. Mkazi wake, Ulumma, ankagulitsa tsabola ndi nsomba zouma, koma katebulo kakeko sikakanadyetsa banja. Za magemu analeka kalekale kulongolola. "Bola anga," ankauza anzake kumsika. "Anu amabwera akununkha mowa ndi akazi. Anga amangobwera maso ali psuu basi."

Loweruka ndi Lamlungu masana Erondu ankapezeka kushopu ya magemu ya De Ubani ku Ngwa Road: ma TV anayi, mabenchi, ndi jenereta yotsokomola ngati ili ndi chifuwa chachikulu. Sanali malo a anthu ofatsa. Makoma anali ndi zipsera za mabotolo, ndipo De Ubani mwiniwakeyo, mnzake wa Erondu kuyambira ubwana, anali ndi khutu limodzi ndi theka. Theka linalo analuma mnyamata wina atagonja pa mapenate. Lamulo la pamalopo linali limodzi: wopambana sadzuka pa benchi. Wogonja ndiye amapereka padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja, kwa wotsatira, ndipo anthu amamuperekeza akumenya mabenchi n'kumaimba kuti "Dzuka! Dzuka!"

Munthu mmodzi yekha sankaimbiridwa nyimbo imeneyo. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula. Onse ankangoti Akpi, Chinkhanira. Anali mnyamata wowonda, woyankhula motsitsa, koma zigandanga zonse za dera limenelo zinkamvera iye. Woyendetsa keke wina, tinjinga tamoto ta mawilo atatu tonyamula anthu tija, atamuwaza matope, anyamata akewo anamuphwanya maondo ndi chitsulo dzuwa likuswa mtengo, anthu akugula malalanje pambali. Tsoka la Ngwa Road linali lakuti Akpi ankakonda gemu ya mpira, ndipo ankadziyesa katswiri. Wometa tsitsi wina, Okezie, anamugonjetsa, n'kuchoka pamalopo mkono ukulendewera ngati chingwe. Wina anaphunzirapo molakwika, n'kungomusiya Akpi achinye mmene akufunira. Ameneyo anamuswa pakamwa ndi botolo. "Ukundiyesa mwana iwe?" Choncho kupambana inali imfa, kugonja moonekera inalinso imfa. Anthu akangomva njinga zamoto za anyamata ake, benchi ya mpira inkatsala yokha.

Lamlungu limenelo Erondu sanazimve njingazo. Anali atachokera kutchalitchi molunjika, malaya oyera akadali m'thupi, ndipo anali atadzutsa anyamata ambirimbiri motsatizana, mmodzi mpaka analira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anangozindikira kuti nyimbo ija yaduka pakati, jenereta yokha ndiyo ikumveka. Atacheuka anapeza Akpi atakhala kale pambali pake, padi ili m'manja, anyamata anayi atatseka khomo.

Erondu anaika padi yake pa benchi mwaulemu n'kuyamba kunyamuka. "Bwana, takulandirani. Ine ndimati ndizipita, akazi anga akudikira."

"De Ubani," anatero Akpi osayang'ana munthu, "lamulo la pano limati bwanji?"

De Ubani anaweramitsa mutu. "Wopambana sadzuka, bwana."

"Mwamva, madala? Khalani pansi. Ati ndinu mfumu ya pano. Ine mafumu ndimawakonda."

Erondu anakhala. Mantha anali nawo, mantha enieni. Koma mutu unkagwira ntchito. Njira inalipo imodzi yokha, yopapatiza: kusewera mwamphamvu moti aliyense aone kuti akulimbana, kenako n'kugonja ndi chigoli chimodzi. Kwa munthu wa luso lake chimenecho chinali chotheka. Anasankha timu yofooka dala, Akpi n'kutenga yamphamvu.

Ndipo abale, mmene anagonjera bwino munthu uja! Anamenyetsa mpira pa mtengo wa golo kawiri, mwadala, anthu n'kumati "Aaa!" Anachedwetsa wotchinga kumbuyo pang'ono chabe, kuchedwa koti ndi De Ubani yekha anakuona, Akpi n'kuchinya. Anyamata a pakhomo anakuwa, wina n'kuswa botolo pakhoma chifukwa cha chimwemwe, magalasi n'kugwera Erondu pakhosi. Anabweza chigolicho kuti zisaoneke zopatsa. Akpi anamuponda phazi ndi jombo mpaka chikhadabo kusweka, akumwetulira.

"Mumatha ndithu, atelala. Koma thukuta limeneli ndi la chiyani? Mukudwala malungo?"

"Ukalamba, bwana. Mukundithamangitsa."

Chotsala chinali kumutsegulira njira kumapeto kwenikweni kuti achinye chachiwiri. Erondu anaitsegula, chitseko chonse. Koma Akpi, mbuli ya munthu, anapupuluma n'kumenya mpira pa miyendo ya goloboyi. Mpirawo unanjanja, kuwoloka pakati pa bwalo, n'kukagwera pa phazi la wosewera kutsogolo wa Erondu, patsogolo pake pali goloboyi yekha, nthawi itatsala pang'ono kutha.

Erondu sanaganize kanthu. Zimenezi wakhala akulumbira mpaka lero, ndipo ine ndimamukhulupirira. Zala zimene zakhala zikuchita chinthu chimodzi kuyambira ubwana sizipempha chilolezo kumutu. Chakumanzere chinapotoza kandodo koyendetsera, goloboyi n'kugwera kwina. Chakumanja chinadina. Mpira unakwera pang'onopang'ono, mokongola, n'kukagona mu ukonde. Choipa koposa n'chakuti pakamwa pake panatuluka kamawu kaja kamene ankatulutsa nthawi zonse akachinya: "Eheee!"

Wapinto wa mu gemu analiza wezulo yomaliza. Palibe wa pamalopo anayerekeza kuyambitsa nyimbo ija. Ndiye mlendo wina wa kubenchi ya kumbuyo, wosadziwa za Ngwa Road, anamenya benchi kamodzi n'kuyamba, "Dzu..." Sanamalize. Chigongono cha mmodzi wa anyamata aja chinamupeza pamphuno, iye n'kugwa chagada magazi ali chuu.

Akpi anaika padi pansi mofatsa. Kenako anainyamulanso n'kumumenya nayo Erondu pamwamba pa diso mpaka mabatani kubalalika. Anyamata aja anamugwetsa pansi n'kuyamba kumuponda, m'nthiti, m'mimba, kumaso. TV inagwa n'kuphulika. De Ubani anagwada akulira, "Bwana, ndi bambo wa ana atatu, chonde!" ndipo anamukankha ndi jombo pachifuwa n'kukagunda jenereta. Malaya oyera aja anasanduka ofiira. Atatopa anamukhazika Erondu pafupi ndi benchi, wina n'kubwera ndi hamala yolanda kwa wosoka nsapato wa pafupi.

"Lero ndi Lamlungu," anatero Akpi akupukuta manja, "ndipo ine ndine munthu wachifundo. Nditenga chimodzi chokha. Chala chamanthu. Musankhe nokha, atelala."

Pamenepo panalibe chosankha. Aliyense m'shopumo ankadziwa dzanja limene telala angapereke, moti mnyamata wa hamalayo anali atagwira kale lakumanzere n'kuliyala pa benchi. Erondu analiyang'ana kudzera m'magazi otsikira m'maso. Akanakonda kudzanena kuti anaona nkhope za ana ake. Sanazione. Anaona msilikali wake ataima chilili pa sikirini, osatha kuyenda, adani akumuzungulira. Anasolola dzanja lakumanzerelo mwamphamvu, kulibisa m'khwapa, n'kuika lakumanja pa benchi.

Ngakhale Akpi anadabwa. Anaseka, n'kugwedezera mutu mnyamata uja. Hamala inatsika katatu. Kukuwa kwa Erondu anakumva ogulitsa chimanga chootcha kutsidya la msewu, ndipo palibe anabwera.

De Ubani ndi amene anamukweza mu keke kupita naye kuchipatala. Dokotala anayang'ana chalacho n'kupukusa mutu: mafupa anali phala, panalibe cholumikiza. Anachidula tsiku lomwelo.

Ulumma anafika dzuwa lisanalowe, nsalu ya kumutu ili m'manja, wopanda nsapato imodzi. Ataona nkhope yotupa ya mwamuna wake ndi chibandeji cha kudzanja lakumanja, anagwa pansi. Analira, kutemberera Akpi ndi mimba imene inamubereka, kutemberera Aba yense ndi amuna ake amantha amene anangoonerera. Kenako anakhala pa bedi n'kuyamba kumupukuta mwamuna wake magazi ouma m'khutu.

"Bambo a Nkasi, musadandaule," ankatero. "Zilombo zimenezo zinadziwa kuti ndinu telala, n'chifukwa chake zasankha dzanja limeneli. Mulungu aziona. Ine ndikagulitsa ngakhale madzi pamsewu. Nkasi ayambe waima sukulu, tidzaona kutsogolo. Bola moyo."

Erondu anatseka maso. Manyazi anamugwira kuposa ululu, ndipo anapemphera kuti nkhaniyo ithere pomwepo.

Koma De Ubani anali chiimire kumapazi a bedi, nthiti zikumupweteka, mtima ukumuwawa poona mkazi wa mnzake akulira chotero. Anafunafuna mawu omutonthoza, n'kupeza amene kwa iye anali abwino kuposa onse.

"Alamu, pukutani misozi, zinthu sizinaipe kwambiri. Amuna anuwa ndi anzeru, ine sindikanaganiza msanga chonchija. Anyamata aja anagwiratu lakumanzere, koma iwowa anasinthitsa. Mukuona, mabatani a kumanja munthu atha kudina ndi chamkombaphala, n'kungozolowera basi. Koma kandodo koyendetsera popanda chamanthu chakumanzere, ndiye kuti watha. Awa mwezi umodzi wokha, abwerera pa benchi. Mudzandiuza!"

Dzanja la Ulumma linaima pa khutu paja. Anayang'ana De Ubani nthawi yaitali, mpaka mwiniwakeyo anazindikira chimene wachita n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo.

"Bambo a Nkasi," anatero Ulumma, mawu ali pansipansi. "Anakupatsani mwayi wosankha?"

Erondu anatembenuzira nkhope kukhoma, maso ali chitsekere.

"Ndikufunsa inu. Tsegulani maso. Anagwira lakumanzere, inu n'kuwapatsa la sizasi?"

"Mayi a Nkasi, zinachitika mofulumira..."

"Mofulumira."

Ulumma anatambasula mkono n'kutenga dzanja lakumanzere la mwamuna wake, lomwe linali pa bulangete lopanda ngakhale kabala. Analitembenuza, kuliyang'ana ngati nsomba ya pamsika. Kenako anafumbata chala chamanthucho m'dzanja lake lolimba ndi ntchito, n'kuyamba kuchipindira kumbuyo pang'onopang'ono. Misozi inali itauma. Anapinda mpaka mfundo inalira.

Erondu akanatha kupepesa. Akanatha kutchula ana, kapena kulonjeza kuti aphunzira kudula ndi lakumanzere. Mawu onsewo analipo, ndipo mkaziyo ankawadikira. Koma chimene chinatuluka m'milomo yotupayo, mwamantha kuposa mmene anachitira pamaso pa hamala, chinali china.

"Ulumma, chonde. Ichi chokha ayi."

Mkaziyo anachisiya. Anamanga nsalu yake kumutu, kuvula nsapato imodzi yotsalayo n'kuinyamula m'manja, n'kutuluka osatseka chitseko.