Dzanja la Mayi Tepi pa Gilafaiti

Tinkawatchula Mayi Tepi, ndipo ankavomera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pa tebulo limodzimodzi la pafupi ndi zenera mu labotale yathu, akusenda gilafaiti, mwala wakuda uja wa m'kati mwa pensulo. Ankamata tepi pamwamba, n'kumatula pang'onopang'ono, mwalawo n'kutsala see ngati galasi. Kenako makina ankawazapo golide wochepetsetsa, ine n'kukayang'ana pa maikulosikopu.

Mwala ukasendedwa bwino, tizidutswa ta golide timamera ta ngodya zitatu, titandanda mwadongosolo, chifukwa timatsata mmene maatomu a gilafaiti ayalira pansi pake. Dzanja likagwedera mwala umakandika, golide n'kuunjikana chisawawa m'malo okandikawo. Abwana athu ankalemba mapepala a kafukufuku wa tizidutswa timeneti n'kumakwera nawo ndege kupita kumisonkhano, koma kusenda, olo kamodzi sanayesepo.

Amuna awo atamwalira, Mayi Tepi anabwerera kuntchito patangotha masiku asanu. Sanalire. Ankangokhala duu, tiyi n'kuzizira m'kapu. Sabata yomweyo ndinayamba kuona golide ataunjikana. Kenako ndinaona chala chawo chachikulu chikunjenjemera.

Ndinkadziwa kuti abwana akazindikira awapumitsa ntchito, pomwe kunyumba kunkawadikira mpando wa malemu basi. Ndiye nthawi ya nkhomaliro ndinkataya m'bini miyala imene mayiwo asenda, n'kusenda ina mobisa.

Tsiku lina abwana anapachika pakhoma chithunzi chatsopano cha tizidutswa ta golide titandanda bwinobwino. "Taonani dzanja la Mayi Tepi, anthuni! Silikalamba ili."

Mayiwo anavala magalasi, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Abwana atatuluka anandiitana.

"Mwanangu, mwala uwu wasenda ndiwe."

"Ayi mayi, ndi wanu."

"Usandinamize. Ine ndine wamanzere. Timizere ta m'mbaliti tapendekera ngati wasenda ndi munthu wa dzanja lamanja. Unayamba liti?"

"Miyezi itatu yapitayo."

Anangogwedeza mutu ngati ndawauza nthawi. "Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikusendera bini."

Anatsegula kabati yawo, n'kutulutsa tepi ndi kachitsulo kopanira miyala, n'kuziika pa tebulo langa. Anavula gauni yoyera, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka osatseka chitseko. Ndinafuna kupepesa, koma sindinawatsatire.

M'mawa mwake abwana anafunsa kuti Mayi Tepi ali kuti. Ndinati sindikudziwa, n'kumata tepi pamwala.