Bisiketi Yomwe Sindinadye

Kabelu kaja kanali kachitsulo, kozungulira ngati chivundikiro cha kapu, ndipo pamwamba pake panali kabatani koti ukakadina kankalira kuti ngwee. Ndinakaona koyamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, patebulo la m'chipinda chosungiramo mabuku pasukulu yathu ku Makhuwira. Sindinakakhudze ngakhale kamodzi, koma mpaka lero ndikapeza kotero pamalo ogona alendo, manja anga amathawira kumbuyo okha.

Chinali chilimwe cha chaka chimene madzi a Shire anatisamutsa m'mudzi. Tinakhala miyezi itatu pamsasa wa pasukulu pomwepo, kenako tinabwerera kukazika tinyumba taudzu pomwe panali nyumba zathu. Bambo anali atamwalira kale. Tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mng'ono wanga yemwe anali asanayambe sukulu. Chimanga ndi mapira zinapita ndi madzi, choncho tinkadya nyika, timizu takuda tomwe amayi ankakazula m'dambo madzi ali m'chiuno. Dzuwa linkaotcha mchenga moti popita kusukulu tinkathamanga kuchoka pamthunzi wa mtengo uwu kukapumira pa winawo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankadula nzimbe ku Nchalo, ndipo ndiwo ankandigulira makope ndi yunifolomu. Akazi awo anali atangobereka mapasa. Amalumewo anali atayamba kale kunena kuti ndipite kwawo ndikalere ana, pakhomo pathu pachepe odya, sukulu ndidzaione m'tsogolo. Amayi sankavomera ndiponso sankakana. Ankangoti tidikire temu ithe, ndipo ine ndinkapemphera kuti temuyo isathe.

Ndiye kunabwera galimoto yoyera. Munatuluka mayi wamagalasi wochokera kuyunivesite, wolankhula Chingerezi chokhachokha, ndi bambo wowamasulira, yemwe Chichewa chake chinali cha kumtunda ndipo Chisena sankachimva ngakhale moni. Aphunzitsi athu anaitana makolo nawauza kuti alendowo akuchita kafukufuku wa momwe ana amaganizira, ndipo amene alola kuti mwana wake achite nawo adinde chala papepala. Makolo anamva zina. Chiyambire madzi aja, galimoto yoyera iliyonse inkabwera kudzalemba maina, ndipo dzina likalembedwa pankatuluka ufa, bulangete kapena ndowa. Ngati tsopano akulemba ana asukulu, ndiye kuti akusankha anzeru oti awalipirire. Ine sindiwaimba mlandu makolowo. Munthu amene walumidwa ndi njala miyezi isanu ndi itatu sangaganize kuti pali anthu oyenda mtunda wonsewo kudzangofuna kudziwa zinthu.

Amalume anabwera panjinga Lamulungu, namva nkhaniyo. Anakhala pansi pa mtengo wa msawu, akudzipepesa ndi chipewa, nagamula mlandu wanga mwachidule. "Alendowo ndi ophunzira kuposa tonsefe. Akati mwanayu ali ndi mutu, akhale pasukulu, ine ndipirira. Akalephera, abwere ku Nchalo."

Masiku atatu otsatirawo ndinaloweza matebulo a masamu mpaka la naini. Amayi anachapa diresi langa, nandimanganso kansalu m'chiuno kuti kabise pomwe linang'ambika. M'mawa wa tsikulo anandilangiza monga ankachitira nthawi zonse tikamapita kwa anthu: ukagwade, usakawayang'ane akulu m'maso, usakawatsutse, ndipo chilichonse akakupatsa ulandire ndi manja awiri ubwere nacho kuno ndichione. Mwana wa pakhomo pathu sankadya chakudya cha mlendo amayi asanachione.

Tinkalowa mmodzimmodzi. M'chipindamo munkanunkha choko ndi zitosi za mileme, ndipo malata ankathetheka ndi dzuwa. Ndinagwada pakhomo, mayi uja naseka, nandilozera mpando. Ndinadikira funso la masamu, koma silinabwere. M'malo mwake anaika bisiketi imodzi pambale yapulasitiki, pambali pake kabelu kaja. Womasulira anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi munthu wogontha. Anati iwo atuluka m'chipindamo. Ndikadikira osadya mpaka atabwerera, andipatsa yachiwiri. Ndikatopa n'kudikira, ndidine kabeluko, abwera, koma ndidya imodzi yokhayo. Anandifunsa ngati ndamva, ndipo ine ndinati ndamva, ngakhale m'mutu munali chipwirikiti.

Chitseko chinatsekedwa. Zodina kabelu ndinazichotsa m'mutu nthawi yomweyo, chifukwa kuitana munthu wamkulu ndi belu ngati ng'ombe ndi mwano womwe amayi akanandikwapulira. Kudya ndiye sindinaganizeko n'komwe, ngakhale malovu anadzadza m'kamwa. Chomwe chinkandivuta chinali china: mayeso enieniwo ali kuti? Ndinayang'ana pansi pa mbale, ndinayang'ana pabolodi lakale lomwe linatsamira khoma. Panalibe funso paliponse.

Kenako ndinaona nyerere zikukwera mwendo wa tebulo, mzere wautali, zolunjika pambale. Ndinazipukuta ndi chala, zina zinabwera. Kwathu kusiya chakudya poyera chosavundikira chinali chizindikiro cha mwana wosaleredwa bwino. Ndinakumbukiranso kumsasa kuja, momwe ankatiuzira kuti otsala pamzere adikire galimoto yachiwiri, ifenso n'kudikira mpaka dzuwa kupendeka, galimotoyo osabwera. Kumeneko ndinaphunzira kuti chako ndi chomwe chili m'manja. Ndiye ndinatenga bisiketi ija ndi manja awiri, ndinaiuzira kuti nyerere zichoke, n'kuimanga pangodya ya kansalu kanga. Ndinabwerera pampando n'kupinda manja, mtima uli m'malo, podziwa kuti ndachita zonse zomwe ndinauzidwa.

Atabwerera, mayi uja anayang'ana mbale yopanda kanthu, nayang'ana wotchi, nalemba papepala. Sanakwiye. Anamwetulira mwachifundo, ndipo kumwetulira kumeneko ndi komwe kunandiopsa.

"Wadya eti?" anafunsa womasulira. "Palibe vuto, mwana, njala ndi njala."

Bisiketi ija inkandigunda pantchafu. Ndikanangomasula mfundoyo nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu wamkulu anali atanena kale kuti ndadya, ndipo ine ndinauzidwa kuti ndisatsutse. Ndinaopanso kuti akaiona m'nsalu anena kuti ndaba. Ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti takhuta, ndiko kuthokoza kwa kwathu, n'kutuluka.

Panja ana ena ankaonetsana mabisiketi awiriawiri. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utachonga kale mayesowo: wa ziwiri wakhoza, wa imodzi walephera. Kamtsikana kena komwe sikankatha kulemba dzina lake kananyamulidwa m'mwamba ndi azakhali ake, nthungululu zili pakamwa.

Nditafika kunyumba ndinamasula kansalu n'kupereka bisiketiyo kwa amayi, yathunthu, yongophwanyika pang'ono m'mphepete. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Mawa lake anaikulunga papepala, n'kundigwira dzanja kupita kusukulu kuti akawaonetse alendowo kuti mwana wawo sanadye. Tinapeza galimoto itanyamuka m'mamawa kulowera cha ku Chiromo. Aphunzitsi atamva nkhaniyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya amayi anasiya. Anati amenewo sanali mayeso, panalibe wokhoza kapena wolephera, panalibenso woti alipiriridwe sukulu. Amayi anafunsa kuti nanga chinali chiyani. Aphunzitsi anakanda m'mutu, nati alendowo amafuna kuona ngati ana amatha kudziletsa. Amayi anafunsa kuti akaona ndiye atani. Aphunzitsi anati akalemba m'buku.

Lamulungu amalume anabweranso, nkhani ataimva kale kumsika. Aphunzitsi anachita kubwera okha kunyumba kwathu kudzandichonderera, nanena kuti m'kalasi mwawo palibe wondiposa masamu. Amalume anawamvera mwaulemu mpaka anamaliza.

"Aphunzitsi, inu mukuti si mayeso. Nanga bwanji ena anapatsidwa ziwiri, uyu imodzi?"

Amayi anatulutsa bisiketi ija m'chitini momwe anaisunga masiku onsewo, naiika pamphasa. Amalume anaitembenuza ndi chala. Anati ngati sanadye, bwanji sananene? Mwana wosatha kudzilankhulira pamaso pa anthu ophunzira, sukulu idzamufikitsa pati? Amayi anayankha motsitsa mawu kuti ndiwo anandiuza kuti ndisatsutse akulu. Amalume anati nazonso n'zabwino, mwana womvera chotero ndi amene akufunika pa mapasa.

Ku Nchalo ndinakhalako zaka ziwiri. Amene anadzandibweza kusukulu ndi aphunzitsi omwewo, ndili wamtali kuposa onse m'kalasi, ana akunditchula kuti mayi wa mapasa. Lero ndine mphunzitsi inenso. Ndili kukoleji ndinakumana nawo mayeso aja m'buku la maphunziro a kaganizidwe ka ana, ndipo ndinawerenga kuti ofufuza a masiku ano akukayikira zomwe akale ankakhulupirira: akuti kudikira kwa mwana sikuonetsa kudziletsa kokha, kumaonetsanso ngati akulu omuzungulira amasunga malonjezo. Ndinatseka bukulo n'kutuluka panja, chifukwa ndinakwiya. Sindinadziwe woti ndimukwiyire. Mayi wamagalasi uja sanandinamize, womasulira anandichitira chifundo, amalume anali ndi makanda awiri ndi malipiro a munthu mmodzi. Ndimangoganiza kuti kwinakwake, papepala lina, ndikuwerengedwabe pakati pa ana osauka omwe analephera kudikira.

M'mawa womwe ndinkanyamuka kupita ku Nchalo, amayi anamanga zovala zanga m'kansalu, amalume nazimangirira pakaliyala wa njinga. Kenako amayi anatenga bisiketi ija, yomwe inali itafewa kale ndi kununkha chitini, naigawa pakati, theka kwa ine, theka kwa mng'ono wanga. Anagwada kuti tifanane msinkhu, nandikonza kolala ya diresi.

"Palibe chomwe unalakwa, mwananga. Unachita bwino zonse."

Ndinakondwa kwambiri. Ndinathamangira kunjinga n'kuyamba kumasula mtolo wanga, poganiza kuti mlandu watha ndipo nditsala. Amayi anandigwira manja, namanganso mfundoyo okha, molimba kuposa poyamba, nkhope atatembenuzira kumbali. Njira yonse ya ku Nchalo ndinakhala pamwamba pa mtolowo, nditagwira malaya a amalume, ndikubwereza m'mutu zonse zomwe ndinachita m'chipinda chija, chimodzichimodzi, kufunafuna pomwe ndinaphonya. Ndinali ndisanadziwe kuti mwana akhoza kuchita bwino zonse n'kuchotsedwabe pakhomo pa amake.