Galasi Lisanazime

"Milomo yanuyo, amayi a ana, idzatipachika tsiku lina." Anatero malemu amuna anga, chaka chimene zipani zinayamba kuchuluka, timapepala tikuyenda m'matumba a anthu. Tinali pa msika wa Golomoti. Ine ndinatola kapepala pansi n'kuyamba kukawerenga monga ndinaphunzirira ku sukulu ya kumishoni, chala pansi pa mawu, milomo ikutafuna chilembo chimodzichimodzi. Iwo anandilanda n'kukaponda ndi nsapato. "Inu mukamawerenga, munthu woyima uko kwa amatimati amamva zonse ndi maso. Werengani ndi m'mutu, apo ayi mungosiyiratu."

Ndinasankha kusiya. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndipo chowerenga changa chinali buku la nyimbo basi, limene ndinkalidziwa kale pamtima. Kuwerenga mwachangu ndaphunzira ndili ndi zidzukulu, amuna anga atagona kale m'manda. Sindinaphunzire chifukwa chokonda mabuku ayi. Anandiphunzitsa ndi ana anga, iwo osadziwa, ndipo ndikazikumbukira m'kamwa mumadzaza malovu ngati ndanunkhiza nsomba ya masiku atatu.

Ana ndili nawo awiri. Wamwamuna ali ku Lilongwe. Wamkazi anakwatiwa pano pomwe, ndipo iye ndi mkamwini wanga anamanga kuseri kwa nyumba yanga. Yanga ili m'mbali mwa msewu waukulu, ya njerwa zimene tinaumba tokha ndi amuna anga. Wa ku Lilongwe uja ananditumizira sola, akuti ndisamavutike ndi koloboyi. Kuwala ndinakuona pang'ono. Chimene ndinaona kwambiri ndi mafoni, chifukwa mwana wamkaziyo ndi mwamuna wake ankabweretsa awo m'mawa uliwonse kudzatchaja pa tebulo langa, iwo n'kupita kumpunga.

Mafoni agalasi lalikulu aja ali ndi khalidwe lawo. Uthenga ukafika, galasi limayaka lokha, mawu n'kuonekera pamwamba, kenako limazima. Ndinayeza ndi mpweya wanga: kupuma kanayi, mdima. Kutsegula sindingathe, eni ake amatseka ndi chala chawo. Poyamba sindinkalabadira. Koma tsiku lina ndikusesa, foni ya mwana wanga inayaka, diso langa n'kugwera pa mawu oti "amayi". Ndinaika chala, milomo inayamba ntchito yake, ndipo ndisanamalize mawu achiwiri galasi linati zii. Ndinayima pomwepo, tsache lili m'manja, mpaka msana unayamba kuwawa. Silinayakenso.

Atabwera kudzatenga foniyo ndinamufunsa. "Kodi alipo amene wakulembera za ine?"

"Za inu? Ndani angalembe za inu, amayi? Ndi a kampani awa, amangotumiza zonyengerera anthu." Ankayankha akupukuta galasilo ndi chitenje, osandiyang'ana.

Kampani iti imene imanditchula ine kuti amayi? Sindinamufunse. Ndinangodziwa kuti pa tebulo langa pomwe, ndi magetsi anga omwe, anthu akukambirana za ine, ndipo ndili ndi kupuma kanayi kokha koti ndimve.

Sukulu yanga inakhala msewu. Ndinkakhala pa khonde ndi dengu la mango ndi malambe, ngati ndikudikira ogula, koma maso ali pa maminibasi. Iliyonse ili ndi mawu kumbuyo, ndipo sidikira munthu. Milomo ndinaitseka ndi nthanga ya malambe m'kamwa. Chala ndinkachita kuchikhalira, chifukwa chinkanyamuka chokha kuloza galimoto ngati cha mwana. Sabata yoyamba ndinkagwira zilembo ziwiri, fumbi n'kundimaliza. Amayi ena oyandikana nawo anaona khosi langa likutembenuka ndi galimoto iliyonse.

"Agogo, mukudikira ndani chonchi? Kapena mwapeza dalaivala?"

Ndinalavula nthanga. "Wanu uja. Simumva huta imene amandiimbira m'mawa?"

Anaseka mpaka kugwira bondo, n'kumapita. Sindinawauze zoona. Amayi amenewo nkhani sigona m'mimba mwawo.

Chimene ndinatulukira n'chakuti mawu ali ndi nkhope. Munthu akamabwera patali suwerenga mphuno, makutu ndi maso kuti udziwe kuti ndi uje, umangomudziwa. Mawu oti "Mulungu" ndinayamba kuwazindikira choncho, kenako "mavuto", kenako "osandida". Pambuyo pake ndinayamba kutenga mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi, ngati mmene timatapira mtedza ndi dzanja m'malo motola umodziumodzi. Tsiku limene ndinawerenga minibasi yonse isanafike pa kalavati ndinameza nthanga ija osadziwa.

Mawu a pa minibasi ndi aafupi, ndiye ndinafuna mizere yaitali. Ndinayamba kusunga manyuzipepala amene amakulungira usipa pa msika, ndikusankha masamba a Chichewa okha. Fungo lake musanene. Mafuta a nsomba atadya theka la nkhani, ntchentche zikutera pa zala, ine mayi wamkulu ndikuwongola zinthu zonyansazo pa mphasa ngati nsalu ya ukwati. Ndinkavundikira pepala ndi lichero, kuvundukula, kupuma kanayi, kuvundikiranso. Maso anayamba kuthamanga ndithu, mizere itatu, inayi. Ndinadzitama mumtima. Ndikanadzifunsa kuti ndamvapo chiyani, ndikanapeza kuti m'mutu muli mbee.

Chinandiululira ndi Lachisanu lina. Mkati mwa sabata imeneyo foni ya mwana wanga inayaka, maso anga n'kuuluka pa galasi, n'kubwerako ndi mawu atatu: agogo, galimoto, Lachisanu. Sindinaone amene watumiza, sindinaone mawu a pakati. Lachisanu m'mamawa ndinapiringidza chitseko ndi mtondo, ndinatseka mawindo, n'kukhala m'kati tsiku lonse. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo kuno kumunsi akudziwa mmene malata amaotchera. Ndowa ya m'nyumba inayamba kununkha dzuwa lisanafike paliwombo. Mwana wanga anagogoda katatu, ine chete. Galimoto inabweradi, ndinaiona pa mng'alu wa chitseko. Inadutsa nyumba yanga n'kukayima kwa gogo wina wa tchalitchi chathu amene anatupa miyendo. Uthenga uja unali wa amayi a bungwe la kutchalitchi, ankapangana zomutengera kuchipatala.

Ndinatuluka madzulo zovala zitamatirira thupi, ndikudzinyansa ndekha. Kuthamanga kopanda kumva n'koipa kuposa kusawerenga kumene, chifukwa wosawerenga amagona tulo. Ndinabwerera ku mapepala anga a usipa ndi lamulo latsopano. Ndikavundikira lichero ndinkadzifunsa mokweza zinthu zitatu: wanena ndani, akuti achite chiyani, liti. Ndikalephera chimodzi, ndinkabwereza ndi pepala lina. Ndinachepetsa liwiro dala, mizere iwiri koma yolowa, kenako ndinakwezanso pang'onopang'ono. Ndinazindikiranso kuti timawu ting'onoting'ono timene maso amakonda kudumpha, "osa", "ayi", "koma", ndi timene timanyamula nkhani. Pa foni ndinadziphunzitsa kuyamba ndi dzina la wotumiza, ngakhale mtima ukukokera pansi.

Miyezi imeneyo ndinawerenga zambiri zimene sindinafune. Ndinadziwa amene amanyoza apongozi awo, amene amanamizira maliro pothawa ntchito ya tchalitchi, ndi nthabwala za mkamwini wanga ndi anzake zimene sindingalembe pano. Kalembedwe kakenso, zilembo zoduladula ngati zadyedwa ndi mbewa. Ndinkayenda mozungulira tebulo ngati galu pa nkhokwe, ndiwo zikupserera kukhitchini. Ndinkanyansidwa nawo, ndinkanyansidwanso ndi ine mwini, koma sindinasiye.

Uthenga weniweni unafika mpunga utayamba kucha. Galasi la foni ya mwana wanga wamkazi linayaka, ndinayamba ndi dzina: achimwene. Ndiye mwana wanga wa ku Lilongwe. Pansi pake panali: "Muwauze kuti ndi za maso. Akafika kuno sabwereranso. Wa shopu akufuna nyumbayo mwezi wa mawa." Ndinamaliza, ndinabwereza mzere wapakati, galasi n'kuzima. Ndinadzifunsa mafunso anga atatu ndipo ndinayankha onse. Chifukwa cha Lachisanu lija sindinathamange. Ndinadikira. Patapita masiku awiri foni ya mkamwini inayaka, wotumiza ali wa shopu uja: "Nkhalambayo yavomera? Ndikufuna kuyeza za mashelefu."

Nkhalambayo. Munthu ameneyo ndimamudziwa, amandipatsa moni atagwira chipewa pa chifuwa.

Mwana wanga wamkazi anabwera Lamulungu titachoka ku Misa, atanyamula mbale ya mpunga watsopano. Anakhala pansi mwaulemu, miyendo atapinda.

"Amayi, achimwene akuti maso anuwa akaonedwe ndi adokotala a ku Lilongwe. Abwera ndi galimoto kumapeto kwa mwezi."

"Maso anga anadandaula kwa ndani?"

"Iii amayi, suja munathira mchere mu tiyi wa alendo?"

"Alendo ake anali oyenera mchere. Tikakhala masiku angati?"

"Awiri, atatu basi. Mungotenga zitenje zochepa."

Ndinali nditakonza zongokhala chete n'kumakana ndi zifukwa zina, kuti mafoni azibwerabe. Koma fungo la mpunga umene anabwera nawo kudzandifewetsera linandikwera m'mutu.

"Nanga mashelefu aja adzakhoma ndili panjira, kapena adzadikira ndikafike kaye?"

Anayang'ana ine, anayang'ana tebulo la mafoni, anayang'ananso ine. Sanakane. Ndikanakonda akanakana.

"Mumawerenga mafoni athu?"

"Amayaka okha m'nyumba mwanga."

"Chabwino, amayi, poti mwawerenga, werenganinso izi." Anakankhira mbale ya mpunga ija pambali. "Munagwa kubafa mwezi watha, munagona pansi mpaka ine nditabwera kumunda. Ndikaphika mumayamba mwapatsa galu kuti muone ngati afe. Munadzitsekera tsiku lonse ndi mtondo, ine ndikuyesa mwafa. Ine ndatopa, amayi. Kwa achimwene kuli chipinda, kuli madzi a m'nyumba."

"Ndiye bwanji osanena choncho? Bwanji za maso?"

"Mukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye basi."

Kugwa ndinagwadi, sindikana. Za galu nazonso n'zoona. Koma munthu wotopa amanena kuti ndatopa. Sayeza khoma la mayi ake ndi wa shopu, mayi akewo ali m'kati akusesa. Ndinamuuza kuti atenge mpunga wake, ndipo akauze achimwene ake kuti asawononge mafuta a galimoto, ine m'nyumba muno ndidzatuluka miyendo ili kutsogolo.

Kuyambira tsiku limenelo mafoni sanabwerenso. Amakatchaja kwa wometa tsitsi ku msika. Luso limene ndinalivutikira miyezi yonse ija latsala lowerengera maminibasi ndi mapepala a nsomba. Mwezi unatha, galimoto sinabwere. Unathanso wina. Mwana wanga amabwera m'mawa kudzafunsa mmene ndadzukira, foni ili m'kati mwa bulauzi. Mkamwini wayamba kundilimira kuseri kwa nyumba osamutuma, ndipo ulemu wakewo ndi umene ukundiopsa kwambiri. Sindikudziwa ngati anasiya kapena angosintha tsiku ndi bodza lake, ndipo tsopano ndilibe poonera.

Inu amene mwawerenga izi, sindikukudziwani, ndipo sindikunena kuti ndikukukhulupirirani. Koma mukamadutsa pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, muyang'ane nyumba ya chitseko chobiriwira, imene ili ndi mpando wa miyendo itatu pa khonde. Mutsike mugogode. Chakudya musabweretse, sindidya. Wina akatulukira kuseri n'kukuuzani kuti agogo agona, musavomere, mudikire mumve mawu anga, ngakhale ndikukufunsani mwaukali kuti wakutumani ndani. Mukapeza pa khondepo akugulitsa sopo ndi shuga, mufunse kumene ananditengera, ndipo mufunse mokweza kuti oyandikana nawo amve.