Ndowa za Ndowe Zochokera ku Selous

Fakitale ya nsalu itatichotsa ntchito, ndinakhala zaka zingapo ndikugulitsa matimati ndi masamba pamsika wa ku Rimuka, kuno ku Kadoma, m'dziko la Zimbabwe. M'fakitalemo ndinalowa ndili mtsikana, monganso anachitira mayi anga atangofika kuchokera ku Malawi, ndiye sindinkaganiza kuti ndidzakhalanso pabenchi ngati mwana wasukulu. Koma Lamlungu lina mapemphero atatha, mlembi wa mpingo analengeza kuti boma latulutsa ndalama zoti anthu aphunzire ntchito za mphamvu zosawononga chilengedwe. Maphunzirowo anali aulere, ochitikira ku Chegutu, ndipo chakudya chamasana chinalipo. Anatchula za sola, za mbaula zosadya nkhuni zambiri, ndi zina zimene sindinazimve chifukwa amayi a pabenchi yathu anali atayamba kale kunong'onezana za solayo.

Masiku amenewo magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchoka kusanache, choncho sola ndi imene inali pamtima pa aliyense. Inenso ndinkadziona ndili padenga la anthu, sikuludiraiva m'manja, pansi anthu akundiyang'ana mwaulemu.

Tsiku lolembetsa, kombi yathu, monga timatchulira minibasi kuno, inachedwa kudzaza pamalo okwerera. Pofika ku Chegutu ndinapeza gulu la sola ladzaza, la mbaula ladzazanso. Panatsala gulu limodzi lokhala ndi mipando yambiri yopanda anthu. Mphunzitsi wake anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wovala ovolosi ndi majombo. Anandilandira ndi manja awiri ngati m'bale amene anasowa kalekale, ndipo nditakhala pansi m'pamene ndinamva kuti tiphunzira kupanga gasi wophikira kuchokera ku ndowe za ng'ombe.

Kunyumba amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Iwowa anagwira ntchito kumgodi wa golide kufikira mawondo atakana, ndipo akaseka kwambiri kapena akapsa mtima, pakamwa pawo pamatuluka Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chimene ana athu sachimva. Tsiku limenelo chinatuluka chambiri. Ankati anzanga akamadzakwera padenga, ine ndizidzatsata ng'ombe kumbuyo ndi beseni.

Komatu maphunzirowo anandikoma. Mtsikanayo ankafotokoza m'Chishona, pena m'Chingerezi, kuti thanki ya gasi ili ngati mimba ya ng'ombe. Ukaidyetsa ndowe zosakaniza ndi madzi n'kuitseka bwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya mkatimo n'kumageya mpweya umene umayaka. Tinaphunzira kulumikiza mapaipi, kufufuza potuluka mpweya ndi thovu la sopo, ndiponso kuti tizilomboto sitikonda kuzizira kapena chakudya chowawasa. Pomaliza aliyense anapatsidwa thanki yakuda yapulasitiki, mapaipi ndi chitofu cha mbale imodzi. Lole inatibweretsera mpaka pakhomo. Chimene boma silinapereke ndi ndowe zoyambira, ndipo zinkafunika zaziwisi.

Ku Rimuka kuli nkhuku, agalu ndi ana ambiri, koma ng'ombe kulibe. Apa m'pamene ndinakumbukira amalume anga, mlongo wawo wa malemu mayi anga, amene akalambira pafamu ina pafupi ndi Selous akuweta ng'ombe za eni ake. Ndinawaimbira foni. Nditawapatsa moni wonse woyenera n'kunena chimene ndinkafuna, anayamba kundiwerengera milandu.

“Mwana wa mlongo wanga,” anatero, “ndadwala malungo sunabwere. Ndagwa panjinga sunabwere. Lero ukubwera kudzazonda ng'ombe zanga, komanso osati kumaso kwake ayi.”

Anatilola. Tinanyamuka Loweruka m'mawa ine ndi amuna anga, amene ankati akungondiperekeza kuti adzakhale ndi chofotokozera anzawo. Tinatenga ndowa zazikulu zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro, zija amagulitsiramo penti, komanso shuga ndi buledi wa amalume. Tinawapeza atavala jekete ngati akupita kutchalitchi. Anatitsogolera kukhola n'kuyamba kusankha ndowe ngati mayi wosankha matimati pamsika wathu. Izi ankati zagona, izo n'za ng'ombe imene anaimwetsa mankhwala, izo n'za nkhunzi yamwano ndipo sakufuna kuti mwano ulowe m'nyumba mwanga. Fosholo anapatsa amuna anga, akuti mkamwini sangaime chilili pakhomo pa apongozi ake. Ine ndinakhala pamthunzi ndikumwa tiyi ndi akazi awo a amalume, ndikuonerera munthu amene ankandiseka uja akukumba.

Vuto linali pobwerera. Pamsewu waukulu wochokera ku Harare tinaimitsa kombi, ndipo kondakitala anafunsa chimene chinali m'ndowamo. Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anayankha kuti ndi zipangizo za pulogalamu ya boma. Mnyamatayo anamva mawu oti boma, n'kuzinyamula yekha mwaulemu kukaziika pansi pa mpando wakumbuyo. Ife tinakhala pamwamba pake.

Kunali kotentha, ndipo mawindo a kombiyo sankatseguka onse. Zimene tinaphunzira m'kalasi zinayamba kuchitika pansi pathu. Ndinkamva chivindikiro chimodzi chikufufuma pang'onopang'ono n'kumakhudza chidendene changa. Ndinachiponda ndi phazi, kwinaku ndikuyang'ana minda pawindo ngati munthu wopanda nkhawa. Titayandikira Chegutu, kombi inadumpha pachitunda chochepetsera liwiro, phazi langa linatsetsereka, ndipo chivindikiro chinalira ngati botolo la mowa wamasese limene alitsegula mothamanga.

Palibe chinatayika, koma fungo linayenda mpando ndi mpando mpaka linafika kwa dalaivala. Poyamba anthu ankangoyang'anizana. Mayi wina ananunkhiza mwana wake wakhanda n'kumupeza wosalakwa. Bambo wina wa tayi anaphimba mphuno ndi chipewa n'kufunsa mokweza kuti ndani wakwera ndi khola. Kondakitala anatembenuka, anatiyang'ana, n'kufunsa kuti kodi boma lake ndi liti limeneli. Ine ndinayesa kufotokoza za tizilombo togeya mpweya, koma mawu oti tizilombo anangowonjezera mlandu. Anatitsitsa ku Chegutu, pafupi ndi malo omwetsera mafuta, ife ndi ndowa zathu.

Tinaima pamenepo nthawi ndithu, makombi akutidutsa. Mbiri yathu iyenera kuti inali itatsogola, chifukwa aliyense ankachepetsa liwiro, n'kuona ndowazo, n'kupitirira. Amene anatipulumutsa anali bambo wina wa kalole kakang'ono konyamula nkhumba, wopita ku Kadoma. Ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti iye sakumva kalikonse. Ndowa zinakwera kumbuyo, ndipo amuna anga anakwera nazo kuti azigwira zivindikiro, nkhumba zikuwanunkhiza m'matumba njira yonse.

Tinathira ndowezo m'thanki madzulo omwewo, tikuvundula ndi mpini wa khasu, anthu oyandikana nafe akusuzumira pampanda. Kenako panayamba kudikira. Sabata inatha, ina inathanso. M'mawa uliwonse ndinkatsegula chitofu n'kuyatsa machesi, machesiwo n'kuzima. Nyengo yozizira inali itangoyamba, ndipo nditamuimbira mphunzitsi uja anati tizilombo tagwidwa ndi chisanu, ndiifunditse thankiyo. Ndinatulutsa mabulangete akale amene ndinagula ndili kufakitale. Amuna anga anadandaula kuti m'nyumba muno ndowe zikufunda bwino kuposa mwini nyumba. Komabe ndinkawaona m'mamawa atagunditsa khutu pathanki, akuigogoda ndi chala monga ankachitira ndi miyala ya kumgodi.

Tsiku limene moto unayaka ine ndinali kumsika. Mdzukulu wa mnzanga anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti amuna anga akundifuna msanga. Ndinasiya matimati m'manja mwa mnzangayo, n'kuthamangira kunyumba, poganiza kuti mawondo aja awagwetsa. Ndinawapeza ali chilili m'khitchini, chitseko atatseka kuti mphepo isalowe, akuyang'ana kamoto kabuluu kozungulira chitofu. Kanali kopanda utsi ndiponso kopanda fungo. Sanaikepo ngakhale ketulo, ankaopa kukazimitsa.

“Mayi a mwana,” anatero motsitsa mawu, “kodi chakudya chophikidwa pamenepa chimadyeka?”

Ndinaphika tiyi. Anadikira kuti ndiyambe ine kumwa, n'kundiyang'anitsitsa kanthawi, kenako anapempha kapu yawo.

Gasi wake si wambiri. Amakwana tiyi wam'mawa ndi ndiwo zamasamba, ndipo kukatentha amafika mpaka pa sadza, monga timanenera nsima kuno. Nyemba ndimaphikabe pankhuni. Thanki ikayamba kugwira ntchito siifunanso ng'ombe tsiku ndi tsiku, imadya makoko a mbatata, masamba ofota ndi zotsala m'mbale, choncho madzulo ndimachoka kumsika ndi thumba la zinyalala zimene anzanga amandisungira. Madzi akuda otuluka kumbuyo kwake ndimathirira kadimba kanga, ndipo amayi a mumzere wathu amabwera ndi zigubu kudzapempha.

Chaka chatha mphunzitsi uja anandiitana kuti ndikamuthandize kuonetsa gulu latsopano ku Chegutu kalumikizidwe ka mapaipi. Ndinapita, ndinavala ovolosi yobwereka yothina m'chiuno, ndipo ndinadya chakudya chamasana limodzi ndi aphunzitsi. Pomaliza anandipempha kuti ndipereke langizo kwa ophunzirawo. Ndinawauza kuti ndowa asamazidzaze mpaka pakamwa, azisiya mpata, ndipo ngati angathe ayambe apeza ngolo.