Mphindi Zitatu za Mayi Dikirani

Mng'ono wanga anayamba ntchito yopereka mankhwala Lolemba pa 3 Febuluwale 1992, atavala nsapato zanga chifukwa zake zinali zitadyeka chidendene. Anakhala zaka makumi atatu pa kauntala imodzimodzi ya sitolo ya mankhwala, mpaka makasitomala anamupatsa dzina loti Mayi Dikirani. Sankapereka botolo asanafunse kuti wodwalayo ndani, ali ndi zaka zingati, akumwanso chiyani. Wina akamufulumizitsa ankangoti, "Dikirani pang'ono."

Pa 1 Julaye 2022 sitoloyo inagulidwa ndi kampani ya nthambi zambiri. Anabweretsa kompyuta ndi manijala, munthu waulemu ndithu koma wosaphunzira za mankhwala. Ukadina batani loitanira kasitomala, wotchi inkayamba kuyenda pakona pa kompyutayo. Pakatha mphindi zitatu inkafiira, ndipo kulikulu ankaona. Kalata yoyamba ya chenjezo mng'ono wanga analandira pa 9 Sepitembala, yachiwiri pa 20 Januwale. Yachitatu ikanakhala yomuchotsa ntchito, kutangotsala chaka kuti apume mwaulemu.

Lachiwiri pa 14 Malichi 2023 ndinali pa benchi ya m'sitolomo, kudikira mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi. Mzere unafika pakhomo. Bambo wina wovala ovolosi anapereka pepala la dokotala. Mng'ono wanga anadina batani, nalemba m'kompyuta, natenga botolo. Kenako dzanja linaima m'malere.

"Wodwala ndani, bambo?"

"Mwana wanga."

"Zaka zingati?"

"Zinayi. Mayi, ndapempha ola limodzi lokha kuntchito."

"Pepalali likuti amalemera makilo 61. Mukulera mwana kapena thumba la simenti?"

Ena pamzere anaseka, koma mng'ono wangayo sanaseke. Mlingo wa mankhwalawo unkatsatira kulemera kwa wodwala. Anabweza botolo pashelefu, natenga foni kuimbira chipatala chomwe chinalemba pepalalo.

Manijala anatuluka mu ofesi yake ya magalasi, naima pambali pake.

"Mayi, kompyuta yavomera mlingowo," anatero motsitsa mawu.

"Kompyuta sinamuonepo mwanayo, bwana."

"Walemba ndi dokotala. Cholakwa chikhala chake."

"Dzina pabotolo likhala langa."

"Mwatsala ndi masekondi makumi awiri. Kalatayo sindilemba ine, imangotuluka yokha. Mukudziwa."

Ndili pa benchipo ndinkaiona wotchiyo. Ndinafuna kumuuza kuti apereke, aganizire za nyumba yake yosamaliza denga. Foni inkangoitana. Wotchi inafiira.

"Mwanayo ali kuti?" anafunsa, foni ili pakhutu.

"Ali panja ndi mayi ake."

"Alowe."

Mayiyo analowa atabereka kamtsikana kotentha thupi, maso atalowa m'kati. Anakaimika pa sikelo ya pakona, yomwe anthu ankangoikapo zikwama. Muvi unaima pa 16. Kuchipatala anali atatembenuza manambala, ndipo mlingo unatuluka wa munthu wamkulu.

Dokotala anayankha pa mphindi ya khumi ndi imodzi. Ndinamva mng'ono wanga akuwerenga manambala awiriwo pang'onopang'ono. Mlingo unasinthidwa. Bambo uja anatenga botolo ndi manja awiri, koma sanathokoze, ankangoyang'ana mwana wake.

Kalata yachitatu inatuluka tsiku lomwelo masana. Mng'ono wanga anabwera nayo kwanga, naiika patebulo osatsegula.

"Achemwali, mundisungire. Inu ndinu osunga mapepala."

"Ukanangopereka bwenzi uli pa ntchito."

"Bwenzi ndili pa maliro."

Lachisanu pa 17 Malichi anaitanidwa kulikulu. Manijala anapita naye, atanyamula pepala la dokotala lija ndi lipoti lake la masamba awiri. Kulikuluko anamufunsa mng'ono wanga mafunso kwa ola lathunthu, namuuza kuti akadikire kunyumba. Masiku khumi ndi asanu ndi awiri amenewo ankadzuka m'mamawa, kusita gauni yake yoyera, n'kuipachikanso.

Yankho linafika pa 3 Epulo. Kalatayo anaifafaniza "ulendo uno wokha". Za wotchi sanasinthe kanthu.

Mng'ono wanga anabwerera kuntchito ndi nzeru ina. Asanadine batani, ankatuluka kuseri kwa kauntala ndi kabuku m'manja, n'kuyenda pamzere kufunsa mafunso ake atatu aja. Pofika pa kompyuta zonse zinali zitadziwika kale, ndipo wotchi sinkafiiranso. Kulikulu anamulembera kalata yomuyamikira kuti wayamba kufulumira. Manijala anangosuntha sikelo ija n'kuiika pafupi ndi khomo.

Anapuma pa 29 Febuluwale 2024. Makalata onse asanu ali m'fayilo yanga yobiriwira, ndipo yachitatu ija mpaka lero ndi yomata.