Dasitala Ikagwa Pansi

Kalasi yanga ndi ya mayi Dziwongoleni zimalekanitsidwa ndi khoma limodzi, ndipo khomalo silifika kudenga. Amene anamanga buloko imeneyi njerwa zinawathera panjira, n'kusiya mpata woti mphaka amadutsa osawerama. Ndiye mwana akatsokomola ku Sitandade 2, ife ku Sitandade 8 timatembenuka. Ine ndimaphunzitsa ana okonzekera mayeso, ndipo ndivomereretu kuti mtima wanga ndi wapachala.

Dzina loti Dziwongoleni anawapatsa ndi ana. M'kalasi mwawo muli ana 94, anayianayi pa desiki, chitseko chimodzi, ndi mawindo awiri amene anamatirira ndi penti chaka china, mpaka lero satseguka. Pakati pa mizere pali kanjira koti munthu wamkulu amadutsa chammbali atabweza mimba. Ikamakwana teni koloko malata atatentha, timitu tinkayamba kugwera pa madesiki. Apo mayiwa ankasiya choko n'kufuula kuti, "Dziwongoleni!" Ana onse ankadzambatuka, manja m'mwamba, kupukusa chiuno, kudumpha kakhumi akuwerenga mokweza, kenako n'kukhala pansi tulo titabalalika. Zonsezo mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Iwonso ankadumpha nawo atavula nsapato, munthu wamkulu ndi thupi lake, akuseka mpaka misozi.

Ine zinkandinyansa. Uli pakati pofotokoza samu yovuta, ungomva nthaka ikugunda, fumbi likubwera pamwamba pa khoma, ana ako akuluakulu akusekerera cham'munsi. Ndinapirira teremu imodzi. Yachiwiri ndinakagogoda kwa ahedi n'kuwauza kuti ana anga akalephera mayeso asadzandifunse ine. Ahedi athu amaopa zinthu ziwiri, phokoso ndi zotsatira za mayeso, ndiye tsiku lomwelo analetsa zodumphazo.

Pa buleki mayiwa anandipeza pakhonde. Pasukulu pathu timaitanana ndi makalasi, iwo ndi a Thuu, ine a Eyiti.

"A Eyiti, mukanangogogoda pakhomapa ndikanamva," anatero.

"Ndinagogoda, a Thuu. Mumva bwanji ana 94 ali m'malere?"

"Inu munayamba mwakhalapo anayi pa desiki kuyambira m'mawa? Tayesani tsiku lina, mudzandiuze mwendo umene udzayambe kufa."

Ndinangomwa tiyi wanga ngati munthu wopambana mlandu.

Za moyo wawo aliyense ankadziwa, chifukwa si munthu wobisa. Amuna awo, amene amayendetsa galimoto ya kampani ina, anasamutsidwira kumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anapita ndi bambo ake chifukwa kumeneko kuli apongozi omuyang'anira, pomwe kuno mayiwa amakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya telala. Ndinalowamo kamodzi pokawasiyira mabuku. Muli bedi, mbaula, mpando umodzi, ndi sutikesi yaikulu imene zovala zawo zimakhalamo. Nditawafunsa chifukwa chake sakhoma ngakhale msomali wopachikapo diresi, anati, "Ndikhomerenji? Ine pano ndi wapaulendo." Apo n'kuti atakhalamo zaka zinayi.

Januwale aliyense ankalemba kalata yopempha kuti awasamutsire kumene kuli banja lawo. Yankho linkakhala lomwelomwelo: dikirani oyendera sukulu adzakuoneni mukuphunzitsa, lipoti likadzakhala labwino tidzaganizira. Koma oyendera sukuluwo kwathu kuno amabwera mwa apo ndi apo ngati kadamsana. Chimene mayiwa ankafunitsitsa n'choti mwana wawo akamadzayamba Sitandade 1, adzamuperekeze okha pa geti atamugwira dzanja. Nthawi imene ndikunenayi panali patangotsala miyezi isanu.

Ataletsedwa zodumpha, kuseri kwa khoma kunangoti zii. Sabata yoyamba ndinasangalala. Yachiwiri bata lija linayamba kundisowetsa mtendere, chifukwa ana 94 sangakhale chete chonchija popanda chifukwa. Ndinkangomva kanthu kakuti phu, kenako kaphokoso konga ka zovala zikukhudzana. Tsiku lina nditawapatsa ana anga ntchito, ndinakwera pa desiki yakumbuyo n'kusuzumira pamwamba pa khoma, ine munthu wa imvi.

Ndinaona mayiwa akufufuta pa bolodi, kenako n'kutaya dala dasitala pansi. Itangogunda simenti, ana onse anaimirira popanda ndi mmodzi yemwe wokhosomola. Anakweza manja, kugwira m'mapewa, kugwira m'mawondo, kuyenda pamalo amodzi ndi zala za kumapazi ngati akuba, milomo atailuma kuti asaseke. Mayiwa ankachita ngati akufunafuna dasitala ija pansi pa tebulo, uku nawonso akuwongola msana. Atangoitola, onse anakhala pansi nthawi imodzi. Lamulo lake linali limenelo: dasitala ikakhala pansi thupi ndi lako, ikabwerera m'manja mwa aphunzitsi thupi ndi la sukulu. Ahedi akanati atulukire, akanangopeza mphunzitsi akutola dasitala yake.

Mayiwa anandiona mutu uli pamwamba pa khoma. Anangondiyang'ana. Ndinatsika mwakachetechete ndipo sindinauze munthu.

Kenako uthenga unafika woti oyendera sukulu abwera Lachinayi, ndipo kalasi yoyamba kuiona ndi Sitandade 2. Ahedi anawaitana mayiwa n'kuwauza kuti akufuna phunziro loyenda monga lalembedwera, mphindi iliyonse pamalo pake, ana atakhala ngati m'tchalitchi. Mayiwa anakonzekera masiku atatu. Lachitatu ndinawamva kudzera pakhoma akuchonderera ana awo.

"Mawa kubwera alendo. Dasitala sigwa mawa, mwamva? Amene amve dzanzi apirire. Mukandithandiza mawa lokha, ine ndikamuona mwana wanga."

"Indeee, madamu!"

Mlendoyo anali bambo wamtali, wathupi, wa jekete yakuda, wosaseka. Anakana mpando wa aphunzitsi, n'kunena kuti amakonda kukhala pamene pamakhala ana. Anadzipanikiza pa desiki yakutsogolo, mawondo akugunda thabwa, ana awiri atawafinyira kukhoma. Ahedi anaima pakhomo, ine pambali pawo monga mphunzitsi wokhalitsa pasukulupo. Mayiwa anavala diresi yawo yabuluu yopitira ku ukwati, ndipo dasitala anaiika pakona ya tebulo, kutali ndi dzanja lawo, pofufuta n'kumagwiritsa ntchito kansalu.

Mphindi makumi awiri zoyamba zinayenda bwino moti ine ndemwe ndinayamba kupuma. Koma kunkatentha. Ana anali atauma ngati zithunzi, ena maso akulemera, ndipo mlendo uja ankangosuntha mwendo uku akulemba. Mayiwa thukuta linali kamukamu. Potembenuka kuti atenge tchati, chigongono chinakankha buku la mayina, bukulo linakankha dasitala, dasitala n'kugwa. Sinagwere pafupi ayi. Inadumpha kamodzi n'kukalowa pansi pa desiki ya mlendo, pakati pa nsapato zake.

Ana a zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kusiyanitsa kugwa kwadala ndi kwangozi. Iwo anangomva phu. Onse 94 anaimirira.

Sindidzaiwala nkhope ya mayi Dziwongoleni. Akanatha kukuwa kuti khalani pansi, koma anali atawaphunzitsa okha kuti chowakhazika pansi ndi dasitala yokha, ndipo dasitalayo inali pamalo poti mayi waulemu wake sangagwade n'kupisapo dzanja. Manja m'mwamba, m'mapewa, m'mawondo, ana ankangopitiriza mwakachetechete, akuyang'ana aphunzitsi awo monyadira kuti taonani sitikusokosa. Ahedi anandikanda pamkono mpaka kundisiyira zikhadabo.

Mlendo anayang'ana uku ndi uku. Kenako anayamba kudzisolola pa desiki paja movutikira, n'kuimirira akutsimphina, mwendo utachita dzanzi. Anakweza manja ake aataliwo mpaka kutsala pang'ono kukhudza mtanda wa denga, msana n'kulira kuti gwede. Anagwira m'mapewa, anagwira m'mawondo, jekete ikukoka. Atatha anawerama, n'kutola dasitala ija, n'kuwapatsa mayiwa ndi manja awiri. Ana onse anakhala pansi nthawi imodzi, ndipo phunziro lotsalalo manja ankakwera ngati aphukira kumene.

Potuluka mlendoyo anangofunsa funso limodzi. "Zimenezi munaziphunzira kuti, mayi?"

"Ndi mavuto chabe, bwana," anayankha motsitsa mawu.

Tinadikira masabata asanu ndi limodzi. Mayiwa anaonda. Tsiku lina ankati basi ndadziphera ndekha, tsiku lina ankati mwina poti anatola yekha dasitala ndiye kuti sanakwiye. Ine ndinkawalimbitsa mtima kuti munthu wokwiya sadziwongola, ndipo ndinkakhulupiriradi kuti ulendo wawo wapsa.

Kalata itabwera, ahedi anatisonkhanitsa tonse mu ofesi, nkhope ikuwala ngati apambana mpikisano. Anawerenga mokweza. Lipoti linati pa masukulu onse amene mlendo uja anayendera, sanaonepo kalasi yodzaza chonchija yokhala ndi ana ogalamuka chonchija. Linati njira ya dasitala ndi yofunika kuti ifalikire. Tinaomba m'manja, ine kuposa onse. Ndiye ahedi anatembenuza pepala. Pachifukwa chimenechi, linatero lipotilo, mphunzitsi ameneyu asasunthidwe pasukulu pano kwa zaka zitatu, kuti aphunzitsi a masukulu ozungulira azibwera kudzaonera kwa iye.

Ena anapitiriza kuomba m'manja, osamva bwino. Mayiwa anangoti, "Zikomo, ahedi," n'kupempha kuti abwerere kwa ana chifukwa anawasiya okha.

Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ndikawerenga bwinobwino mlanduwu umathera pa ine. Ndikanapanda kukadandaula, bwenzi akungofuula kuti dziwongoleni, ndipo mawu sagwa pa tebulo mwangozi. Akanaphunzitsa phunziro lawo wamba, n'kupeza lipoti wamba, n'kukwera basi. Ndinakawauza zimenezi pakhonde pomwe paja. Anandiyang'ana motopa n'kunena kuti, "A Eyiti, musadzipatse ulemu wonsewo. Chigongono chinali changa."

Masiku ano kudziwongola kuli pa ndandanda ya maphunziro, kawiri m'mawa uliwonse, ndipo ahedi amauza alendo kuti maganizowo anayambira mu ofesi mwawo. Lachisanu lililonse kumabwera aphunzitsi achilendo ndi makope awo, n'kudzaza kanjira kaja moti ana amasowa poponda. Inenso ku Sitandade 8 ndimagwetsa dasitala, ndipo ana anga amakhoza bwino kuposa kale, zimene zimangondiwonjezera manyazi.

Mwana wa mayiwa uja anayamba sukulu mu Sepitembala, anamuperekeza ndi agogo ake. Sabata yachiwiri anaimba foni pa buleki, ndipo poti foni ya mayiwa ndi yakufa sipika, imangomveka ikakhala pa mokweza, ndinamva zonse ndili pambali.

"Amayi, kuno aphunzitsi athu amati wosuntha aliyense akagwada panja. Ine dzulo mwendo unafa, ndiye ndinagwada. Mubwera liti mudzagwetse dasitala kuno?"

"Posachedwapa, mwanawe. Uzigwedeza zala za kumapazi mu nsapato, saona."

Belu linalira, aliyense analowa mbali yake ya khoma. Cha m'ma teni ndinamva phu, kenako kaphokoso ka zovala kaja. Ndinadikira kuti kathe pa mphindi ziwiri monga mwa masiku onse, koma sikanathe. Zitakwana mphindi zisanu ndinakwera pa desiki yakumbuyo. Ana onse anali chiimire, manja m'mwamba, ena atayamba kutopa, akuyang'ana aphunzitsi awo. Mayiwa anali ataima pa windo losatseguka lija, nsapato zili kuphazi, akuyang'ana kumsewu kumene kumadutsa mabasi, dasitala ili pansi pambali pawo.

Madzulo ake popita kunyumba anandipempha kuti ndiwabwereke hamala ndi misomali iwiri.